Tsiku lomwe atsibweni anatuluka m'gulu la ukwati

Uthengawo unandipeza ndili mu minibasi yobwerera ku Area 25, tangodutsa kumene pa interchange ya Area 18, dzanja lina ndagwira jumbo ya tomato linali foni. Anali msuweni wanga, mmodzi mwa ma admin a gulu la WhatsApp la ukwati wa mng'ono wanga. Sanalembe zambiri ayi, anangoponya screenshot nkulemba kuti "Mwaona? Ndimanena ine." Pa screenshot-po panali kamzere kakang'ono kaja kosonyeza kuti atsibweni athu atuluka m'gulu.

Masiku ano munthu akatuluka m'gulu amene amadziwitsidwa ndi ma admin okha, koma gulu lathu ma admin anali mbwee, aliyense wodandaula ankangopatsidwa u admin kuti akhale chete, nde pomwe ndimatsika pa Nsungwi nkhani inali itafika kale kwa azakhali ku Kawale, yadutsa ku Biwi, yakafikanso kwa akuchimuna. Amayi anandiimbira ndisanatsegule nkomwe chitseko.

Inu mukudziwa kale, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba, nkhoswe wamkulu, akatuluka chinkhoswe chatsala masabata ochepa palibe amene angaganize za foni. Aliyense anali ndi chifukwa chake. Ena amvekere nchifukwa choti mkamwini ndi wa mpingo wina. Ena amvekere akwiya kuti chinkhoswe chichitikira mu town osati kumudzi. Azakhali anakafukula nkhani ya munda ya zaka zija ine ndili ku pulayimale. Mng'ono wanga anangodzitsekera kuchipinda nkumalira. Kuwaimbira atsibweniwo, foni yosapezeka. Amayi anali ndi nambala yawo ina yakale koma anakana kuigwiritsa ntchito, amvekere "ndiimbe ine? Atuluka okha, aimbe okha."

## Gulu lomwe timati litipeputsira ntchito

Ndifotokoze kaye za gululi chifukwa amene munakhalapo mu komiti ya ukwati mulizindikira pompo. Linayamba bwinobwino mkatikati mwa 2023, anthu ochepa, ine msungichuma. Sabata isanathe munali mutalowa anzake a mkwatibwi akuntchito, a kwaya, asuweni a ku Johannesburg, ndi anthu ena oti mpaka lero sindikudziwa anawalowetsa ndani. Kenako linabereka ana, gulu la komiti yokha, gulu la akuchikazi okha, gulu la yunifomu, gulu la bridal shower, onse maina ofanana ndi chithunzi chimodzimodzi cha akwati atavala zofanana.

Apa mpomwe azakhali ena analemba zija za apongozi, zoti amayi a mkamwini akufuna zapamwamba koma pledge yawo sikuoneka, nkuziponya m'gulu lomwe munali apongoziwo. Pofulumira kufufuta chala chinaterereka, anafufuta kwa iwo okha, kwa ena onse uthenga uli ngwangwangwa. Iwo mtima mmalo kumangoti zapita. Anachita kuimbiridwa ndi mwana wawo.

Mmawa uliwonse kudzuka mauthenga mazanamazana. Maluwa a good morning, vesi la tsiku, ma Amen otsatana, kanema wa ukwati wa anthu osawadziwa kuti "tione decoration iyi", kenako penapake pakati pa zonsezo wina walemba kuti watumiza K30,000 ya pledge, ndipo ine ndikuyenera kuziona. Zoopsa kwambiri zinali ma voice note. Tcheyamani wathu sakonda kulemba, amajambula mawu mphindi zisanu ndi ziwiri, kuyambira moni, kuthokoza Mulungu, kudandaula za mafuta a galimoto, mfundo yeniyeni ili kumapeto ndipo kumbuyo kukumveka tambala. Uthenga wolemba ukhoza kuusaka ndi liwu limodzi, koma mawu ojambula ukafuna kukumbuka kuti mtengo wa matenti anati ndi zingati uyenera kumveranso onse mmodzimmodzi. Ndinkawathamangitsa pa 2x mpaka atcheya kumamveka zoseketsa, olo choncho nthawi inkangotha.

Bajeti nayo, mnyamata wina wophunzira anaikonza bwino pa kompyuta nkutumiza link. Theka la gulu limagula bandulo ya WhatsApp yokha, link sikutseguka. Anatumiza PDF, mafoni ena alibe chotsegulira. Mapeto ake anajambula sikirini ya laputopu ndi foni nkutumiza chithunzi, manambala osaoneka, 3 ndi 8 osasiyanitsika.

Foni yanganso si yapamwamba, ndi ya 32GB, ndipo gawo lalikulu linadyedwa kale ndi zinthu zomwe inabwera nazo zoti sungazichotse. Inkadzadza ngati minibasi ya ku Kawale madzulo, kondakitala akukankhirabe anthu mkati. Ndinafika pofufuta zithunzi za ana anga kuti ndilandire zithunzi za keke. Kiyibodi nayo ndikalemba Chichewa imandikonzera mwa nzeru zake, uthenga wa mizere iwiri kuulemba kawiri. Zonsezi ndinkadandaula ine, munthu wa mu town, wa maso abwino, woti Chingerezi ndimachimva. Za atsibweni sizinkandibwerera nkomwe mmutu.

## Ku Mitundu

Loweruka lake ndinalawirira ku depoti nkukwera ya ku Mitundu. Amayi sanandiletse komanso sanandituma, anangondipatsa shuga ndi sopo kuti ndikasiye kwa alamu awo. Njira yonse, kudutsa msewu wa ku Bunda uja, ndinkakonza mawu mmutu, ndiyambira pati, ndipepese chani poti sindikudziwa chomwe talakwa.

Ndinawapeza ku dimba akuthirira nazale ya fodya, kheni kumanja, buluku atapinda mpaka mmaondo. Atandiona anaika kheni pansi nkuyamba kuseka, "Aaa mayi, mwatikumbuka lero? Kwagwanji ku town?" Munthu wokwiya salandira mlendo choncho. Tinabwerera kunyumba, anandiyalira mphasa pansi pa mango, moni wautali uja, amayi ali bwanji, ana ali bwanji, mvula ya chaka chino tiona bwanji. Ine mtima uli phaphapha. Kenako ndinangolimba mtima.

"Atsibweni, kunyumba anthu ali ndi nkhawa. Akuti mwina takulakwirani, poti mwatuluka m'gulu lija."

"Gulu lanji?"

"La ukwati. La pa foni."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anaitana mdzukulu kuti akatenge foni ija "yosisita" mthumba la jekete. Inabwera itakulungidwa mu pepala la shuga kuopa fumbi, yozima, batire linatha kalekale. Foni imeneyi anawatumizira mwana wawo wa ku Johannesburg, ndipo ndi nambala ya mmenemo yomwe tonse tinasunga. Iwo tsiku ndi tsiku amayenda ndi kamosewalero kawo ka mabatani, koti kakatchajidwa kamatha sabata, kali ndi nambala ija amayi anakana kuimba.

Nkhani yake inali yotere. Foni yosisitayo inayamba kutulutsa mawu a Chingerezi nthawi iliyonse akaiyatsa, kujambula ikukana, zithunzi za zidzukulu za ku Joni sizikutseguka. Anapita nayo pa trading kwa mnyamata amene amatchajitsa mafoni. Mnyamata anaiona nkunena kuti "madala, yadzadza iyi, ndikuchotsereni zinyalala." Anamulipira kangachepe. Zinyalala zake zinali magulu onse odzadza makanema, la mpingo, la kalabu ya feteleza, ndi lathu la ukwati. Mnyamatayo anagwira ntchito yomwe anapemphedwa, foni inapepukadi.

Ndinaseka mpaka misozi, iwonso anaseka, koma kuseka kwanga kunatha msanga.

## Chala cha mlimi

Ndinali ndi power bank mchikwama, nde ndinati bwanji ndiiyatse ndiwaonetse zomwe zakhala zikukambidwa. Tinasendera pamthunzi weniweni chifukwa padzuwa sikirini imangooneka yakuda. Ndinawapatsa foni yanga kuti aone okha uku yawo ikutchaja.

Ndinati agunde pa uthenga wa atcheya kuti umveke. Anagunda, palibe chinachitika. Chala chawo nchouma, chokakala, khasu la zaka zonsezi, ndipo galasi lija silinkachimva. Anagundanso, zii. Nde anachita chomwe munthu aliyense wozolowera mabatani angachite, anadina mwamphamvu nkukhalitsa. Uthenga unasintha mtundu, pamwamba panatuluka tizizindikiro tambirimbiri, kena ka bini, kena ka muvi, pansi pake tinkhope toseka. Anachotsa dzanja msangamsanga. "Ndaononga?" Ndinati ayi simunaononge. Koma ndinaona mmene anabwezera manja pamaondo, munthu amene amaweruza milandu ya mbumba yonse, amene akayankhula pamaliro anthu amakhala chete, akuopa kagalasi.

Zilembo nazo zing'onozing'ono, magalasi awo owerengera anathyoka mwendo umodzi amachita kugwirizira. Ndinati ndikuze zilembo pa foni yawo, ine mwini ndinasochera mu settings, kulowa umu kutuluka umu, zonse mu Chingerezi, kukazipeza zabisika pansi pa mawu oti munthu sangaganize kuti kukula kwa zilembo kuli kumeneko. Ndinadzifunsa kuti amene anapanga foni imeneyi ankaganiza kuti woigwiritsa ntchito ndi ndani. Ndithu sankaganiza za munthu wa zaka za mma 70 amene magetsi ali nawo patali, bandulo amagula mwa apo ndi apo, ndipo akalakwitsa kudina palibe womufunsa kupatula mnyamata wa pa trading.

Ndinawaseweretsa ma voice note angapo. Anamvetsera mwaulemu mutu uli pansi. Kenako anafunsa funso lomwe sindinalikonzekere.

"Tsono tsiku la chinkhoswe, mukuti tikhala pansi liti kuti tigwirizane?"

Ndinawauza kuti tsiku linagwirizanidwa kale, tinachita kuvota pa gulu pomwepo, pali kanthu kena koti aliyense amadina tsiku lomwe akufuna.

"Anavota ndani?"

Ndinatsegula nkuyamba kuwerenga maina. Anzake a mkwatibwi akuntchito. Asuweni awiri a ku Joni oti sabwera nkomwe. Mtsikana wa decoration. Wa kwaya. Ndikuwerenga ndinkadzimva ndekha mmene zikumvekera. Amayi sanavote, sadziwa kuti zimatheka bwanji. Nkhoswe wamng'ono sanavote. Nkhoswe wa kuchimuna mulibemo nkomwe m'gulumo.

Anakhala chete, akuthothola kaudzu mmphepete mwa mphasa. Kenako amvekere, osakweza mawu, "Nanga nkhuku ija adzagwire ndani mayi, foniyo?"

Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Anandifotokozera modekha kuti chiyambire tsiku lomwe akuchimuna anabwera kudzafunsira mbeta, iwo akhala akudikira kuti wina abwere kapena aimbe kuti akumane ndi nkhoswe mnzawo. Poona kuti kuli zii ankaganiza kuti ana akusonkhanitsa kaye ndalama, zinthu sizinayambe. Anali atapatula kale mbuzi, ndi matumba a chimanga osagulitsa. Ife ku Lilongwe miyezi yonseyi tikukangana za mtundu wa nsalu ya yunifomu, tikuona dzina lawo pa mndandanda wa anthu a m'gulu nkumati atsibweni akudziwa zonse, angokhala chete poti ndi aulemu. Palibe uthenga olo umodzi womwe anauwerengapo. Akanapanda mnyamata uja kuwatulutsa tikanafika tsiku la chinkhoswe tikuganizabe choncho.

Ndipo tsiku lomwe linapambana pa voti lija, kumudzi kunali kale mwambo wa chiliza cha agogo ena apachibale. Mudzi wonse ukanakhala kumanda. Mwa onse anavota aja panalibe amene akanadziwa.

## Musandibwezeremo

Ndinati ndiwalowetsenso m'gulu. Anakana. "Musandibwezeremo mayi, mudzingondiimbira. Kafoni aka kamalira bwinobwino." Chomwe anavomera nchoti ajambule mawu amodzi kuti anthu mitima ikhale pansi. Ndinadina ine nkugwirizira, iwo anakonza kholingo ngati ali pabwalo, kupereka moni kwa onse mwa ndondomeko, kunena kuti alibe chifukwa ndi munthu, mwana ndi wawo ndipo ukwati ulipo, koma ankhoswe akumane kaye. Sizinafike ndi mphindi imodzi yomwe. Netiweki inavuta, uthengawo unakapita ndili kale mu minibasi, ndipo pofika mu town ma Amen anali atadzadza, msuweni uja wa "ndimanena ine" ndi amene anayamba kuika timitima.

Kuchokera pamenepo tinasintha kachitidwe, osati mwa nzeru zanga zokha, amayi ndi amene analimbikira atamva nkhani ya voti ija, manyazi anawagwira kwambiri kuposa ine. Chilichonse chokhudza tsiku, ndalama zikuluzikulu kapena ankhoswe chinkakambidwa pamaso, Lamulungu masana tikaweruka ku tchalitchi, pakhonde la amayi ku Area 36. Atsibweni akalephera kubwera ndinkawaimbira pa kamosewalero madzulo ake nkuwauza zomwe zakambidwa, iwo nkunena maganizo awo, ndipo kanthu sikankatsekedwa asanayankhe. Mayunitsi ankapita ndithu koma sankafika pa ndalama zomwe ndinkathera bandulo kutsitsa makanema a decoration.

Gulu lalikulu tinalitseka kuti azilemba ma admin okha, ndipo ma admin tinawachepetsa. Eee kunali kulira. Wina anandilembera kumbali kuti ukwati si wa boma, wina anatuluka, ameneyu anatulukadi dala. Koma kwa nthawi yoyamba munthu ukatsegula gulu unkapeza chomwe ukufuna, tsiku, malo, nambala yotumizira ndalama, mtengo wa yunifomu ndi komwe ikupezeka, basi. Ndinagulanso kabuku ka chikuto cholimba ku Malangalanga, pledge iliyonse nkumailemba ndi bolopeni, dzina, ndalama, tsiku. Achinyamata ankandiseka kuti ndabwerera mmbuyo.

Ankhoswe anakumana, tsiku linasunthidwa ndi sabata imodzi. Chinkhoswe chinachitika mu Okutobala kutentha kuli pachimake, akuchimuna anabwera ndi tambala wawo ife ndi msoti, nkhwangwa ndi chikwanje mbali iyi, lichero ndi mthiko mbali inayo, atsikana ofunditsidwa zitenje kuti mkamwini asankhe wake anthu nkumafa ndi phwete. Anthu akumudzi anabwera lole yodzadza. Ndinajambula pang'ono chabe, foni inadzadzanso pakati pa mwambo.

## Kwacha itagwa

Ukwati weniweni unali wa mu Disembala. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo amene munali ndi chochitika chilichonse nthawi imeneyo mukukumbuka mmene zinalili. Mitengo yonse yomwe tinapatsidwa inangosanduka mapepala. Wa zakudya anaimba kuti mafuta ophikira ndi mpunga zakwera tiwonjezere, wa keke chimodzimodzi, wa matenti anangosiya kuyankha kaye kudikira aone mmene zithere. Ma pledge anali omwe aja a mwezi wa June.

Ndimaganiza nthawi zina kuti zikanakhala bwanji tikanakhala tikadali pa kachitidwe kakale kaja. Bajeti zikanakhala zinayi zikuzungulira m'gulu, aliyense akuyankha yomwe foni yake inakwanitsa kutsegula, voti ina yoti tichotse nkhuku kapena ng'ombe. Mmalo mwake tinakhala pakhonde paja kabuku kali pakati, atsibweni anabwera ngakhale inali nthawi yokonzekera kubzala, anamvetsera manambala onse kenako anafunsa kuti kodi chimavuta nchiyani kuti azimayi akumudzi adzaphike okha nsima ndi ndiwo pamoto, wa zakudya uja angopanga za pa tebulo la akwati ndi alendo ochepa. Mbuzi ilipo, ufa ulipo, nkhuni abwera nazo. Achinyamata ena anakwinya nkhope, ukwati wa mu town nsima ya pa mafuwa. Koma atawerengera anakhala chete okha. Ndipo kunena zoona mbuzi ija ndi yomwe inatha koyambirira, anthu a masuti omwe ankazemba mzere wa mpunga kukaima kwa azimayi aja.

## Ndalama za pa foni

Pali mbali ina yomwe kabuku kanandipulumutsa. Ndalama zambiri zinkabwera pa foni, mizere yonse iwiri, ndipo kutumiza ndalama pa foni nkwabwino, sindikutsutsa, popanda zimenezi wa ku Mzuzu kapena ku Blantyre akanapereka bwanji. Koma ukakhala msungichuma umaona zina. Munthu wapledja K50,000, watumiza K50,000 ndendende osaikapo yotapira, ukakatapa yachepa, ndipo sungamuuze kuti muli ndi ngongole ya kachenjeko. Kupita kwa ejenti akuti float yatha bwerani madzulo. Kulipira wa matenti, ukudina manambala aja mmodzimmodzi, kusankha 1, kusankha 2, kulemba nambala ukuyang'ana pa kapepala, ukangochedwa pang'ono kutsimikiza kuti sunalakwitse zonse zazima uyambirenso. Chinthu chofuna kudekha chimakuthamangitsa, ndipo ukathamanga mpomwe umatumiza kwa munthu wolakwika. Ndinkaganiza za atsibweni ndi magalasi awo a mwendo umodzi. Nchifukwa chake akuluakulu ambiri amangopereka foni kwa ejenti nkutchula PIN mokweza anthu ali pamzere.

Akuba nawo amanunkhiza. Nambala yanga itayamba kuzungulira pa makadi, kunabwera uthenga wooneka ngati ndalama zalowa, pasanathe mphindi wina akuimba mwaulemu kwambiri kuti mayi ndalakwitsa nambala, inali ya kuchipatala mwana akudwala, chonde bwezani. Ndinati dikirani ndione balansi kaye. Sinasinthe olo tambala. Uthenga uja unachokera pa nambala wamba osati ku kampani. Nditamuuza anadula, osatsanzika.

Tsiku la ukwati makashiya anali ndi ntchito yawo ya nthawi zonse, kusintha ma K5,000 ndi ma K2,000 kukhala ma K100, ma K50 ndi ma K200 oti anthu aziponya akuvina, tinali titayamba kusonkhanitsa timapepala ting'onoting'ono masabata ammbuyo. A MC analengezanso nambala yanga kuti amene alibe ndalama mmanja atumize pa foni, nde foni inkangonjenjemera mchikwama ine ndikuthamanga uku ndi uku, mu holo anthu adzadza netiweki ikubwera nkumapita, mauthenga ena anadzalowa usiku ndili kunyumba. Atsibweni ataitanidwa ndi mbumba yawo anavina ndithu, jekete lija, ma K100 ali mmanja akuponya mmodzimmodzi mu lichero mosafulumira, nyimbo inachita kubwerezedwa.

## K20,000 yopanda mwini

Sabata yotsatira ndinakhala pansi kuti ndiwerengetse, kabuku uku, mauthenga a pa foni uku. Apa mpomwe ndinakumana ndi vuto la maina. Mu 2018 pomwe kunalamulidwa kuti SIM iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa cha unzika, anthu ambiri makamaka akuluakulu analembetsa kudzera mwa mwana, mlamu kapena neba amene anali ndi chitupa pafupi, ena amangotumizira pa ejenti. Nde ndalama za azakhali zimabwera ndi dzina la mwamuna woti sitinamumvepo, za mkulu wa mpingo zikubwera ndi dzina la mtsikana. Zambiri ndinazilondola poimba ndi kufunsa, zina eni ake anadzadandaula okha kuti bwanji sanathokozedwe.

Yatsala imodzi. K20,000, inalowa madzulo a tsiku la ukwati nthawi ya perekaniperekani, dzina lachilendo, nambala ukaimba siyikupezeka. Ndinafunsa m'gulu, amene anayankha ndi oti anaika chala chokweza basi. Ndinafunsa akuchimuna, akuti si wawo. Atsibweni ndinawawerengera dzinalo pa foni, analibwereza kawiri nkunena kuti kumudzi kulibe munthu wotero koma afunsa pa maliro akakumana anthu ambiri. Ndalamayo tinawapatsa akwati pamodzi ndi zina zonse, mu kabuku ndinalemba kuti "osadziwika" nkusiya mpata pambali pake. Gulu lija likadalipo, ma admin analitsegulanso, pano mumagulitsidwa mazira ndi zitenje, ndipo mwezi watha wina anaponyamo kuti tiyambe kukonzekera ukwati wa msuweni uja, amvekere msungichuma akhale yemwe uja poti ali kale ndi kabuku.